Nyumba Zopumulitsa Olera Anthu Olumala Ubongo: Chimene Chifunika kwa Kaluluma

Chikhazikitsire lamulo latsopano la anthu olumala m'chaka cha 2024, lija linalowa m'malo mwa malamulo a 1971 ndi 2012 ndi kusandutsa bungwe la MACOHA kukhala MACODA, Boma laonetsa poyera kuti munthu wolumala ndi mzika monga wina ali yense. Anthu akamba kwambiri za makomo a maofesi olowa njinga za olumala, za mabuku a osaona ndi za chinenero cha manja. Koma alipo ena amene sakwera pa nsanja kudzinenera okha, ndiwo ana ndi akulu olumala ubongo, aja achedwa kulankhula, kugwira zophunzira ndi kudzisamala. Ndipo kumbuyo kwa yense wa iwo kuli munthu mmodzi, kawirikawiri amai kapena agogo, amene sadziwa tsiku lopuma. M'maiko ena muli nyumba zolandira anthu otere kwa masiku owerengeka kuti wolera aongoleko msana. Kuno nyumba zotere nzosowa, tsono nkhani ya ubwino wa kasamalidwe kake iyenera kukambidwa zisanamangidwe.

Dziko la Mfumu Kaluluma, kumpoto kwa boma la Kasungu, kumene kuli Nkhamenya pa mseu wa M1, lionetsa bwino kulemera kwa nkhaniyi pakuti ndi dziko la fodya. Fodya sadikira munthu. Nazale ifuna madzi m'mawa ndi madzulo dzuwa la October liri pamutu. Mvula ikagwa kuli kuoka. Ndipo kuyambira January kufikira April banja lonse liri pa kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo kuti akafike ku msika wa Chinkhoma. M'miyezi imeneyi mai wolera mnyamata wa zaka 14 wosatha kudzidyetsa asowa pogwira. Akamtenga kumunda, amuika pakati pa masamba onyowa amene ululu wake ulowa pakhungu nuchititsa chizungulire ndi kusanza, ndiponso pafupi ndi mankhwala ophera tizilombo. Akamsiya ndi mlongo wake, ndiye kuti mtsikanayo wajomba ku sukulu, ndipo mphunzitsi ali yense wa m'dzikoli adziwa m'mene kaundula amaonekera mu February. Njira yotsala ndiyo yosakambika pa anthu: kumtsekera m'nyumba, kapena kummanga chingwe pa mtengo kuti asasokere. Wochita zotere kawirikawiri si wankhanza iai, koma wotopa. Komatu mwana wa khunyu wosiyidwa yekha pafupi ndi moto apsa, ndipo mtsikana wosatha kunena chimene chamchitikira ndiye amene anthu oipa amfuna.

Akulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'mudzi wa makolo mau awa akadagwirabe ntchito: azakhali atenga mwana tsiku la maliro, agogo amgoneka pamene amai ali ku chipatala. Koma pa minda ikuluikulu ya fodya pali mabanja ochokera kutali, ena ku maboma a kumwera, amene alibe mbale pafupi. Lamulo la ntchito la 2021 linaletsa utenanti, koma silinasendeze kwao kwa anthuwa pafupi. Iwo ndiwo alibiretu wowalandira katundu.

Anthu ofuna thandizoli si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 a zaka zisanu ndi kupitirira ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo boma la Kasungu lokha linali ndi anthu oposa 800,000. Zolumaza ubongo nzodziwika: mwana kubanika pobadwa, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kusowa zakudya ndi mchere wa ayodini, ndi zina zobadwa nazo monga Down syndrome. Nkofunika kunena izi momveka chifukwa m'dziko la fodya, mlimi akapeza bwino pamene pakhomo pake pali mwana wotere, anthu anong'onezana kuti anamkhwimira. Manong'onong'o amenewa ndiwo abisitsa ana kuseri kwa nyumba. Ndiponso kulumala ubongo si misala. Chipatala cha Zomba Mental, chimene chinayambira m'ndende ya Zomba ndi kupeza nyumba zakezake m'chaka cha 1953, ndi cha odwala ofuna kuchizidwa, osati cha mwana amene amai ake angofuna masiku atatu okadikirira wodwala.

Zimene ziripo nzoyamikika ndithu. A St John of God ku Mzuzu akhala akuphunzitsa ana olumala ubongo ndi kulangiza makolo ao. Koleji ya Montfort ku Nguludi iphunzitsa aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera. Sukulu ya Chilanga ku Kasungu idziwika ndi ana osaona. Ndipo Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, afika kwa mabanja ena osauka kwambiri. Koma Mzuzu ndi ulendo wa maola ndithu kuchokera kwa Kaluluma, sukulu iweruka masana nitseka pa tchuthi, ndipo munthu wolumala ubongo akafika zaka 30 sukulu imtaya, pamene amai ake ayamba kukalamba.

Pamene pali kusowa kotere, sipalephera kutulukira munthu wa mtima wabwino, kapena wa mtima wa ndalama, amene abwereka nyumba, nalemba chikwangwani, nayamba kulandira ana. Apa ndipo pagona ngozi, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ku South Africa, m'chigawo cha Gauteng, akulu a zaumoyo anafuna kuchepetsa ndalama, nathetsa pangano lao ndi zipatala za Life Esidimeni, ndipo m'zaka za 2015 ndi 2016 anasamutsa anthu pafupifupi 1,700, odwala misala ndi olumala ubongo pamodzi, ambiri mwa iwo kuwapereka ku timabungwe totchipa. Anthu 144 anafa, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizira ndi kusowa mankhwala. Wofufuza wa Boma, Malegapuru Makgoba, anapeza m'chaka cha 2017 kuti zilolezo za timabungweto zinali zosayenera; mabanja ena sanauzidwe n'komwe kumene abale ao anapita. M'chaka cha 2018 woweruza wopuma Dikgang Moseneke analamula kuti banja liri lonse lodandaula lilipidwe R1.2 miliyoni.

Wina angati bvuto kumeneko linali umphawi wa nyumbazo. Koma ku England, pa Winterbourne View pafupi ndi Bristol, ndalama zinalipo zochuluka, ndipo nyumba inali yooneka bwino. Wailesi ya BBC inajambula mobisa m'chaka cha 2011 antchito akumenya ndi kuzunza anthu olumala ubongo. Antchito 11 anabvomera mlandu, ndipo 6 anamangidwa. Namwino wina anali atachenjeza kale bungwe loyendera nyumba zotere la Care Quality Commission, koma mau ake sanatsatidwe. Nyumba ziwirizi, yosauka ndi yolemera, zinafanana pa chinthu chimodzi: okhalamo sakanatha kudzinenera, abale anali kutali, ndipo khomo linali lotseka.

Motero ubwino wa nyumba yopumulitsa olera suyezedwa ndi utoto wa khoma kapena malata. Choyamba ndi mtunda: ikhale pamene mai angafike ndi miyendo nthawi iri yonse, osayamba wapempha chilolezo. Kwa Kaluluma izi zitanthauza chipinda cha masana pa sukulu ya pulaimale, pa sukulu ya mkombaphala kapena pa tchalitchi, chotsegula m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, makamaka m'miyezi yothyola ndi kusankha fodya, osati nyumba yaikulu ya mpanda pa boma. Malo ogona akhale ochepa, a masiku owerengeka, ndipo akhale pafupi ndi chipatala cha Kaluluma kapena cha mishoni ku Nkhamenya, kuti wakugwa khunyu usiku apeze thandizo. Tsiku lobwerera kwao lilembedwe pa tsiku lolowa, pakuti mpumulo wa sabata imodzi suchedwa kusanduka kutaya munthu. Munthu ali yense akhale ndi buku lake: mankhwala amene amwa ndi nthawi yake, chakudya chimene atha kumeza, chimene chimuopsa, kulemera kwake polowa ndi potuluka. Atsikana asamalidwe ndi amai. Ndipo woyendera wa ku ofesi yosamalira anthu ya boma la Kasungu afike wosalengeza, aone m'nkhokwe ndi m'chimbudzi, alankhule ndi makolo mwini nyumba palibe.

Bvuto lalikulu liri pa antchito. Sukulu za mkombaphala ziyenda ndi anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo osalandira kanthu, ndipo munthu wotere ali ndi munda wake. Nthawi yeniyeni imene wolera afuna thandizo ndiyo imene wodziperekayo athamangira ku chigafa chake kapena ku ganyu. Chipinda chodalira mtima wabwino wokha chidzakhala chotsegula mu July ndi chotseka mu February. Olera ana a anzao ayenera kuphunzitsidwa ndi kulipidwa, ngakhale pang'ono, koma mwezi ndi mwezi. Khonsolo ya boma iri ndi thumba la chitukuko, ndipo makampani ogula fodya pa makontrakiti, amene atulutsa kale ndalama zoletsa kugwiritsa ana ntchito m'minda, angauzidwe moona kuti mtsikana wojomba kuti alere mchimwene wake ndi mwana wogwira ntchito ya fodya, ngakhale sagwira tsamba.

Ntchito yoyamba sifuna njerwa. Alangizi a zaumoyo ali ndi kaundula wa mudzi uli wonse, anyakwawa adziwa khomo liri lonse limene muli munthu wosatuluka, ndipo aphunzitsi adziwa ana amene asowa m'kalasi fodya akakhwima. Mlangizi wa maphunziro wa m'dera, mkulu wa chipatala ndi wa ku ofesi yosamalira anthu atakhala pamodzi pa bwalo la Mfumu Kaluluma ndi mabuku ao, angadziwe nazale zisanafesedwe kuti ndi sukulu ziti ziwiri kapena zitatu zimene ziyenera kutsegula chipinda choyamba mu January.