Za M'banja: Mayi Wophunzitsa pa Lamya

Inu atate a kwa Jenala, tamverani. Chiyambire mliri wa 2020, pamene sukulu zinatsekedwa, alipo amayi aphunzitsi amene aphunzitsa Chingerezi pa lamya ali pakhonde pawo, natumiza mawu pa WhatsApp kwa ana a Sitandade 8 oyembekeza mayeso. Ntchitoyi tiiyamika, pakuti ndalama yake igula sopo ndi mchere. Koma tiona mayi alikutchula mawu achilendowo, khanda likulira kumsana, mkulu wake akusewera pafupi ndi moto. Bandulo igulidwa, kutchajitsa lamya pa sola kulipiridwanso. Phunziro likasokonezeka, ndalamayo yapita. Tsono ora limenelo, atate, musathawire kubawo. Nyamulani anawo, mukacheze nawo kwa agogo kufikira phunziro litatha.