Mpanda ukagwa, mlandu ndi wa mbuzi yokha?

Amene amasewera magemu a pa intaneti monga Free Fire, PUBG Mobile kapena Call of Duty Mobile amadziwa uthenga woopsa kuposa uja woti bandulo yatha. Ndi wonena kuti akaunti yako yatsekedwa. Anyamata amangoti “andibana,” ndipo nkhope imagwa ngati walandira uthenga wa maliro. Ambiri mwa otsekeredwawo amakhala kuti anaika pa foni pulogalamu yobera, yowathandiza kuona adani kuseri kwa khoma kapena kuwombera mosaphonya. Amenewo sindiwalirira. Koma pali gulu lina limene silinaike kalikonse. Iwo anangopeza pamene opanga gemu analakwitsa, chimene osewera amachitcha bug: khoma loti munthu amalowamo n’kumawombera anzake iye osaoneka, kapena mphatso yoyenera kubwera kamodzi koma ikungobwerabe ukadina mwanjira inayake. Akagwidwa, yankho lawo limakhala limodzi: “Gemu yandilola. Zikanakhala zoletsedwa ikanandikaniza.”

Yankho limeneli ine silindigwira mtima, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale olinenawo salikhulupirira akakhala kuti iwo ndiwo akuwomberedwa kuchokera m’khoma.

Pa 16 March 2024 makina a Commercial Bank of Ethiopia anasokonekera usiku, moti anthu ankatha kutapa ndalama zoposa zimene anali nazo. Nkhani inafala msanga pakati pa ophunzira a m’mayunivesite, anzathu enieni, ndipo anandandalika pa ma ATM usiku womwewo. Banki inanena pambuyo pake kuti zinatuluka ndalama pafupifupi 801 miliyoni birr. Makina anawalola onsewo. Koma kodi alipo anaima pamzere uja pakati pa usiku akuganiza kuti ndalamazo ndi zake? Kuthamanga kwawoko ndi umboni woti ankadziwa kuti kukacha khomo litsekedwa. Wosewera amene wapeza bowo m’gemu n’kumauza anzake kuti “tiyeni tidyeretu asanakonze” wadziweruza yekha ndi mawu akewo.

Wina anena kuti ku banki ndi ndalama, uku ndi masewera chabe. Kwathu kwa Dambe si masewera chabe. Mnyamata amagwira ganyu yokumba mtedza kapena kumenya soya kuti agule bandulo, amalipira kotchajitsa foni pa sola, kenaka amakasaka pamalo pokwera pomwe netiweki imagwira bwino. Akalowa m’gemu n’kuphedwa katatu ndi munthu wobisala pansi pa nthaka, chimene waberedwa ndi thukuta la tsiku lonse. Wobisalayo sanabere kampani ya ku Singapore kapena ku America ayi. Wabera mnzake wosauka ngati iye yemwe. Pa chifukwa chimenechi chilango chiyenera kukhalapo, ndipo amene amati makampani asamalange n’komwe sanaganizire za mnyamata ameneyu.

Pamene ndimasiyana ndi makampaniwo ndi pa kalangidwe kake. Milandu iwiri yotchuka imene onse amaiika m’thumba limodzi ikuonetsa chimene ndikutanthauza.

Woyamba ndi wa mu February 2010, m’gemu ya World of Warcraft. Gulu la osewera lotchedwa Ensidia linagonjetsa mdani wamkulu wotchedwa Lich King pa nkhondo ya anthu 25, magulu ena onse asanatero. Nkhondoyo inakonzedwa kuti pena pake m’mphepete mwa bwalo muzigumuka, ndipo adani ena azinyamula osewera n’kukawaponya kuphompho. Koma kabomba kena kamene wosewera mmodzi ankaponya, kotchedwa Saronite Bomb, kankachititsa kuti pogumukapo pabwererenso, moti ngozi ija inachepa. Kampani ya Blizzard inawalanda ulemu wawo ndi katundu amene anapeza, n’kuwaimitsa maola 72. A Ensidia anadandaula kuti kabombako ankakagwiritsa ntchito masiku onse pa nkhondo zina, ndipo kuti sinali ntchito yawo kuyesera kampani gemu imene inatulutsidwa isanapse. Mpaka lero osewera akale amakanganabe ngati anyamatawo ankadziwa kapena ayi. Chida chinali chololedwa, kuchiponya kunali kololedwa, cholakwika chinali m’mapulogalamu a eni ake.

Wachiwiri ndi wa mu 2020, m’gemu ya Counter-Strike: Global Offensive. Munali bowo lolola mphunzitsi wa timu kuona mbali ya bwalo imene sankayenera kuiona, n’kumadziwa kumene adani akulowera. Ena zinangowachitikira mwangozi. Ena ankalifuna dala, n’kukhala phee akuonera, pa mipikisano yolimbirana ndalama zambiri. Mu September chaka chimenecho bungwe la Esports Integrity Commission linaletsa aphunzitsi 37. Chimene chimandisangalatsa n’chakuti silinawamete onse ndi lumo limodzi. Linawerenga kuti aliyense anachita kangati komanso kwa nthawi yaitali bwanji, linachepetsera chilango amene anavomera okha ndi amene anathandiza pofufuza, ndipo zilango zinayambira pa miyezi yosakwana inayi mpaka zaka zitatu. Mayina, milandu ndi kawerengedwe ka chilango zinaikidwa poyera kuti aliyense aone.

Mphunzitsi woonera adani mwakabisira ndi mnyamata woponya bomba lake la masiku onse si anthu ofanana, ngakhale onse tingati “anadyera pa bug.” Mafunso osiyanitsa ndi akale kwambiri, ndipo agogo athu amawadziwa asanaonepo foni. Mbuzi zikalowa m’dimba la munthu, nkhani ikafika pabwalo, amfumu safunsa kokha kuti mbuzi ndi za yani. Amafunsa ngati mpanda unali wolimba. Amafunsa ngati mwini mbuzi anachita kuzikusira pobowokapo, kapena zinangopulumuka. Amafunsa ngati aka n’koyamba. Amapita kukaona ndiwo zimene zadyedwa, ndipo malipiro amayenderana ndi zimenezo. Mwini dimba naye amauzidwa kuti akakonze mpanda wake. Sindinamvepo kuti munthu wasamutsidwa m’mudzi chifukwa mbuzi yake yadya mpiru kamodzi.

Ku magemu, mwini dimba ndi yemwenso ali mfumu, mboni ndi wapolisi. Ndiye anamanga mpanda wobowokawo, ndiye amasunga umboni, ndiye amagamula, ndipo ukafuna kudandaula umakadandaula kwa iye yemweyo. Kawirikawiri wosewera wamba sauzidwa n’komwe tsiku kapena masewero amene analakwira. Amangolandira chiganizo chimodzi choti waphwanya malamulo. Malamulowo ndi aja timadina “Agree” tisanawerenge, masamba ambirimbiri a Chingerezi cha maloya chimene ngakhale ife a ku koleji chimatizunguza mutu. Inde, mkati mwake mumalembedwa kuti kudyera pa zolakwika za gemu n’koletsedwa. Koma salemba kuti cholakwika n’chiti ndipo luso n’liti, pamene malire ake si oonekeratu nthawi zonse. Kumenya kotsatizana kumene osewera amakutcha combo, kumene lero ndi mtima wa magemu omenyana, kunatchuka ndi Street Fighter II ya mu 1991, ndipo kunayamba ngati chotsatira chimene opanga gemuyo sanachikonzere kuti chikhale chachikulu chotero. Amene anayamba kukugwiritsa ntchito lero timawatcha akatswiri.

Ndiye pali zathu zakuno zimene wolemba malamulo ali ku ofesi yake sazidziwa. Pakhomo pamodzi foni yotha kunyamula gemu imakhala imodzi, ya achimwene, ndipo amaseweretsa ana atatu kapena anayi. Makampani ena akalanga amatseka ndi foni yomwe, osati akaunti yokha, choncho kulakwa kwa mmodzi kumagwera onse. Mafoni ambiri ndi ogula kwa anthu ena, ndipo wogula sadziwa zimene mwini wake woyamba ankachita nayo. Kufupi ndi malire netiweki imadukaduka, nthawi zina foni n’kukoka ya ku Zambia, moti kwa osewera anzake munthu amaoneka ngati akudumphadumpha pabwalo, iwo n’kumamunenera kuti akubera. Woti afotokoze zonsezi m’Chingerezi pa fomu ya pa intaneti, ndi bandulo yoti adikirire yankho, ndani?

Ife Amalawi chilango chogwera osalakwa timachidziwa. Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n’kufalikira, ndipo ophunzira onse m’dziko muno analembanso mu January 2021. Sindikunena kuti boma likanangosiya mayeso obedwa apitirire. Satifiketi yotero ikanakhala pepala wamba. Koma bowo silinabooledwe ndi mtsikana wa ku CDSS ya kumudzi amene analibe ngakhale foni yolandirira mayankho. Iye anawerenganso miyezi iwiri, makolo ake anasakanso ndalama, chifukwa cha mpanda umene ena anapatsidwa kuti ausunge. Oyang’anira akalephera ntchito yawo, chilango chimakonda kutsetserekera kwa amene alibe mawu.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi nkhani imeneyi itipeza m’kalasi, ngakhale tisakhudze gemu moyo wathu wonse. Tsiku lina mudzalakwitsa kuwonkhetsa malikisi, mwana n’kulandira 72 m’malo mwa 52, iye n’kukhala chete. Tsiku lina mudzaiwala pepala la mayankho pa tebulo. Mwana amene anangokhala chete pa malikisi aja mudzamuchotsera 20 yakeyo n’kulankhula naye. Amene anaona pepala n’kulijambula, n’kumagulitsa kwa anzake, ameneyo nkhani yake ikafika kwa ahedi ndi makolo. Mukadzawapatsa chilango chofanana, kalasi yonse idzaphunzira kuti kulakwa pang’ono ndi kulakwa kwambiri mtengo wake ndi umodzi, ndiye bola kulakwa kwambiri. Ndipo mukadzakana kuvomera kuti pepala munalisiya ndinu, ana adzaona.

Okonda mpira akumbukire za pa 2 July 2010 ku Johannesburg, pamene Luis Suárez anatchinga ndi manja mpira wolowa m’golo la Uruguay, Asamoah Gyan n’kuphonya penate, Ghana n’kutuluka. Africa yonse inapsa mtima, ndipo ambiri tikanakonda atamuletsa mpira moyo wake wonse. Koma anapatsidwa chimene chinalembedwa kale: khadi lofiira ndi kuphonya masewero otsatira. Zinawawa, komabe ndi bwino kuti woweruza asapeke chilango chatsopano chifukwa choti anthu akwiya. Mpira womwewo unationetsanso njira ina. Matimu atazolowera kutaya nthawi pobwezera mpira kwa goloboyi kuti augwire, akuluakulu sanalange osewera amene ankachita zololedwa. Mu 1992 anasintha lamulo.

Chimene ndingachitche chilungamo m’magemu si chovuta kuchita. Zimene munthu wapeza kudzera pa bowo alandidwe zonse, ngakhale atapeza mwangozi, chifukwa sizinali zake. Wochita dala koyamba aimitsidwe masiku angapo ndipo auzidwe bwinobwino chimene wachita, tsiku lake ndi malo ake. Akabwereza chilango chikule. Kutsekeratu akaunti kusungidwire amene amagulitsa njirazo, amene amabera pa mipikisano ya ndalama, ndi amene achenjezedwa koma osamva. Banki ya ku Ethiopia ija, ngakhale pambuyo pake inafika pofalitsa mayina ndi zithunzi za okana kubweza, inayamba yapereka mpata woti obweza okha asaimbidwe mlandu. Kampani ya gemu, imene sinataye ndalama zotere, ikulephereranji kupereka mpata ngati umenewo? Makampani monga Valve ndi Riot Games amalipira anthu amene awaululira mabowo a chitetezo m’mapulogalamu awo. Wosewera wamba woulula khoma lobowoka naye atamapatsidwa kanthu, ngakhale kachovala ka m’gemu, ambiri akanasankha kuulula kusiyana n’kubisala.

Palinso nkhani ya ndalama imene makampani sakonda kuikamba. Munthu amene wagula ma diamond kwa zaka ziwiri, akatsekeredwa amataya zonse, kuphatikizapo zimene anagula mwachilungamo asanalakwe. Malamulo aja amati zinthuzo sizinali zake, anangobwerekedwa. Pogulitsa sanena choncho mokweza.

Mlandu umene umandivuta kwambiri ndi wa bowo loti lakhala milungu ingapo, mavidiyo ake ali mbwee pa TikTok ndi YouTube, theka la osewera likuligwiritsa ntchito, kampani ili chete. Wosalowa m’khomamo amangophedwa, ndiye pamapeto pake nayenso amalowa. Kenaka tsiku lina m’mawa maakaunti ambirimbiri atsekedwa. Apa ine ndimaimba mlandu kampani poyamba. Kulemba uthenga umodzi woonekera pa foni ya aliyense potsegula gemu, woti khoma lakutilakuti ndi lolakwika ndipo wolowamo kuyambira lero alangidwa, sikutenga ngakhale ola limodzi, ndipo uthenga wotsatsa zovala zatsopano amatha kuutumiza tsiku lililonse. Wolowamo uthengawo utatuluka, amubane, ndipo asabwere kuchipinda kwanga kudzabwereka foni.