Mayankho otha ntchito

Mayankho otha ntchito ndi uphungu kapena uthenga womwe unali woona pa nthawi yomwe unkaperekedwa, koma unasiya kukhala woona chifukwa malamulo, mitengo kapena ndondomeko zinasintha. Vutoli lakula chibwerereni mafoni, chifukwa yankho lolembedwa limapitirira kutumizidwa kwa anthu ngakhale patapita zaka. Limakhudza kwambiri maboma a m'malire monga Mchinji, kuphatikizapo dera la Mfumu Dambe, komwe alimi ndi ochita malonda amadalira nkhani za maiko awiri, Malawi ndi Zambia.

Chomwe chimathetsa yankho

Yankho silitha ntchito chifukwa chongokhalitsa. Malangizo oumitsa bwino mtedza usanalowe m'thumba ndi akale koma akadali oona. Yankho limatha ntchito pamene chinthu chomwe linatsamirapo chasintha.

Zitsanzo

Mu 2020 boma linayambitsa ndondomeko ya AIP m'malo mwa FISP, ndipo mlimi ankalipira K4,495 pa thumba la feteleza la makilogalamu 50. Pofika mu 2022 mtengowo unali K15,000. Mlimi wosunga ndalama potsatira mtengo woyambawo akanabwerera chimanjamanja.

Dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa ndalama zake pa 1 Januwale 2013. Kwacha ya Malawi nayo inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Choncho mitengo yosinthira ndalama yomwe inalembedwa masikuwa asanafike ingaluzitse wamalonda.

Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira chipata cha Mchinji–Mwami, pomwe wodutsa amaima malo amodzi m'malo moima kawiri. Malangizo akale a kadutsidwe ka pachipatapo sagwirizananso ndi mmene zilili tsopano.

Kutseka funso lakale

Funso limayenera kutsekedwa ngati ndondomeko yomwe likufunsa inatha, kapena ngati yankho lake lingataitse munthu ndalama kapena kumuphwanyitsa lamulo. Kutseka sikufanana ndi kufufuta. Yankho lakale limathandiza ophunzira kudziwa mbiri ya mitengo ndi malamulo, bola lilembedwe tsiku ndi chenjezo loti zinthu zinasintha. Lomwe limasocheretsa kwambiri ndi yankho lopanda tsiku, chifukwa wowerenga sangadziwe kuti ndi la chaka chiti.