Malole a FAW ndi ana athu

Abale a ku Moatize ndi ku Zóbuè, malole a FAW amene amadutsa pa msewu wopita ku Malawi ali ndi mbiri yofunika kuimva. Fakitale yake inayamba kumangidwa mu 1953 ku Changchun, dziko la China likadali losauka. Akatswiri a ku Soviet Union ndiwo anaphunzitsa Matchaina ntchitoyi, ndipo mu 1956 lole yoyamba, Jiefang, inatuluka. Mu 2014 FAW inatsegula fakitale ku Coega, South Africa.

Nanga ife? Malasha akuchoka kuno, ana athu ali kusintha ndalama pa malire. Boma lilamule makampani obweretsa magalimoto kuti aphunzitse achinyamata athu umakaniko. Ophunzitsidwa dzulo aja ndiwo akutigulitsa malole lero.