Tigule ng'ombe yanji ya mkaka?

Anzathu a m'koperativa, kwa zaka ziwiri takhala tikusunga ndalama za mbatata ndi chimanga. Tsopano tikufuna ng'ombe za mkaka, kuti ana athu azimwa, wotsala tizikagulitsa ku Ulongwe. Ndalamazo ndi thukuta la tonse. Tikagula molakwa, talira tonse.

Pamsonkhano ena anati: "Tigule Friesian, ija ya mawanga akuda ndi oyera. Imeneyo ndiye mkaka!" Ife tikuti ayi, tiyambe taganiza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Friesian ndi ng'ombe yochokera ku Holland, dziko lozizira, la msipu wobiriwira. Kwawoko imatulutsa malita 25 a mkaka kapena kuposa pa tsiku. Zimenezi n'zoona. Koma mkakawo suchokera kumwamba. Ng'ombe imeneyi ndi yaikulu, imalemera makilo 600. Pa tsiku imafuna udzu wauwisi woposa makilo 50, ndiponso chakudya chogula kusitolo. Kukatentha imatha kumwa malita 100 a madzi, ndiye kuti ndowa zisanu za malita 20. Adzatunga ndani madziwo mwezi wa Okutobala, zitsime zitaphwa? Si amayi athu omwewa kodi?

Ife tinagwirizana kale za ulimi wathu. Tidzadyetsa ng'ombe zimene talima tokha: nsenjere, mapesi, masamba a mtedza ndi a nandolo, ndi gaga wa pamtondo. Ndowe zake zidzabwerera kumunda kukhala manyowa, m'malo mwa feteleza wogula. Ulimi wotere umafuna ng'ombe yokhuta ndi za m'munda mwathu. Friesian ikasowa chakudya imaonda, mkaka umatsika, ndipo imachedwa kutenga bere.

Palinso mdani wina: nkhupakupa. Kuno ku Angónia nkhupakupa ya m'makutu imabweretsa chigodola. Ng'ombe imatupa m'munsi mwa khutu, thupi limatentha, imapuma movutika, kenaka imatulutsa thovu m'mphuno. Ng'ombe zachizungu zikadwala chigodola popanda mankhwala, zambiri zimafa mwezi usanathe. Ndalama za zaka ziwiri n'kuthera m'dzenje.

Tiyang'ane tsopano m'khola mwathu. Muli ng'ombe ya makolo athu, yachingoni, ya linunda pamsana. Ndi yaing'ono. Imayenda mtunda wautali kufuna msipu. Imapirira dzuwa ndi njala ya m'chilimwe. Nkhupakupa siziigonjetsa msanga, ndipo mathole ake ambiri akadwala chigodola amachira, osadzadwalanso. Nkhondo imene inatha mu 1992 inapulula ng'ombe zambiri m'dziko muno, koma mbewu imeneyi inatsala ndipo yachulukanso. Tisainyoze.

Komabe tisanamizane. Yachingoni mkaka wake ndi wochepa, malita 2 kapena 3 pa tsiku, ndipo thole nalo likufuna kuyamwa. Mkaka umenewu sungatifikitse kumsika.

Nanga tichite chiyani? Maganizo athu ndi awa: mayi akhale wachingoni, bambo akhale wa mtundu wa mkaka. Ndipo pa nkhunzi za mkaka ife tasankha Jersey.

Jersey ndi ng'ombe yofiirira, yochokera pa chilumba cha Jersey, pafupi ndi France. Ndi yocheperapo, yaikazi imalemera makilo ngati 400. Imadya pang'ono kusiyana ndi Friesian, ndipo imapirirako kutentha. Mkaka wake ndi wamafuta, chambiko chake n'chokoma. Chinanso n'chakuti thole la Jersey limabadwa laling'ono, choncho ng'ombe yathu yaing'onoyi imabereka bwino. Thole la Friesian ndi lalikulu, nthawi zina limakanirira, n'kupha mayi wake.

Ng'ombe yobadwa mwa awiriwa imatenga mbali zonse. Kwa mayi imatenga kulimba, kwa bambo imatenga mkaka. Ikadya bwino imapereka malita 5 mpaka 8 pa tsiku.

Wina adzati: "Njira imeneyi njochedwa." Inde, njochedwa. Bere la ng'ombe ndi miyezi 9, ndipo thole lalikazi limatenga zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu kuti libereke ndi kuyamba kukamidwa. Koma zaka zimenezo si zongokhala manja lende. Tidzabzala nsenjere m'mbali mwa dimba. Tidzamanga khola la denga ndi motsetsereka kuti musamadikhe matope. Tidzaphunzira kuumitsa udzu ndi kuusunga pa nsanja. Chakudya chiyambe, ng'ombe ibwere pambuyo.

Wina adzatinso: "Nanga nkhunzi ya Jersey siingafe ndi chigodola?" Ingafe ndithu. Koma kuteteza nkhunzi imodzi n'kosavuta kusiyana ndi kuteteza ng'ombe khumi. Tidzaisunga m'khola, tidzaidulira udzu, tidzaisambitsa mankhwala a nkhupakupa. Kukana feteleza si kukana dibi kapena katemera. Ng'ombe ikadwala, tiitane alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Ndipo ana asamayandikire nkhunziyo, pakuti ya Jersey ndi yaukali.

Tisunge malamulo atatu. Loyamba: nkhunzi isakwere ana ake. Ana ake akakula, tisinthane nkhunzi ndi koperativa ina. Lachiwiri: tisathamangire kuonjezera magazi achizungu, pakuti akachuluka kulimba kuja kumatha. Lachitatu: ng'ombe zina zachingoni zikhale zosasakaniza, kuti mbewu yathu isatayike, ndi kuti ngolo ndi pulawo zisasowe zokoka.

Kale tinkasankha ng'ombe ndi maso okha. Lero tikudziwa kulemba. Tigule kope. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake: dzina lake, mayi wake, tsiku lobereka, malita a m'mawa ndi a madzulo, ndi matenda amene yadwala. Chaka chikatha, kope lidzatiuza ng'ombe yosunga ndi ng'ombe yogulitsa. Wamalonda wa pakamwa pokoma sadzatipusitsanso.

Tikambirane:
1. M'chilimwe ng'ombe zathu zimamwa kuti?
2. Kodi nsenjere tidzabzala pamalo ati?
3. Ndani adzasunga kope la mkaka?

Tilembe: Ng'ombe yabwino ndi imene munda wathu ungaidyetse.