Nyanja yathu ili kuseri kwa mpanda

Abale anzanga, mwera ukayamba kuwomba mu June ndi July, msodzi wa ku Makawa kapena ku Msaka amagwira njakata. Bwato limagona pamtunda, ndiwo n'kusowa m'mudzi. Koma kwa mlendo wa ngalawa ya matanga, mwera womwewo ndi petulo waulere. N'chifukwa chake mpikisano wotchuka uja wa ngalawa za matanga anauika m'nyengo imeneyi, kunyamukira ku Mangochi kulowera kumpoto, mtunda wopitirira makilomita 500.

Ine za pamadzi sindiziyamba dala. Chaka china ndinangowatsata alendowa pagalimoto, monga amachitira anzawo onyamula matenti ndi zakudya. Ndinkati maso adyerere nyanja kuchokera pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay.

Pa boma zinthu zinayamba bwino. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya sitima ya Gwendolen yomwe inawombera sitima ya Ajeremani mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zonsezi munthu amaona osalipira ndi tambala yomwe.

Koma mutangotuluka m'tauni, nkhani imasintha. Mumaona milambe, mbuzi, anyamata okweza chambo m'mwamba kuti muime. Nyanjayo ili kuti? Mukakhotera kumanja kuti mukaione, mumakumana ndi zikwangwani, mipanda ya njerwa, zipata zachitsulo. Koteji, koteji, hotela, koteji. Pa chipata china ndinapempha mlonda kuti ndingodutsa kukasamba m'manja. Anandikaniza mwaulemu, ati bwana anakana. Mlondayo ndi mwana wa m'mudzi momwemo, agogo ake ankakocheza bwato pomwe pali kapinga wothiriridwayo.

Tsono taganizani: mlendo ali pangalawa akuona gombe lonse mbee, pomwe mayi wa pamudzi akuzungulira mpanda ndi ndowa pamutu kufuna kanjira kokatungira madzi. Kodi nyanjayi ndi ya yani?

Musandimve molakwa. Alendo tikuwafuna. Amabweretsa ndalama zakunja, ana athu amapeza ntchito, osema ziboliboli amagulitsa. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi mpandawo ndife.

Ena amati popanda mpanda azungu sangabwere. Bodza lamkunkhuniza! Musanafike ku Monkey Bay, khoterani kumanzere mupite ku Cape Maclear, komwe amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Derali lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 kaamba ka tinsomba ta mbuna. M'mudzi wa Chembe kumeneko, malo ogona alendo ali khomo ndi khomo ndi nyumba za anthu. Amayi akuchapa, usipa uli pa thandala, ana akusambira, mzungu ali chigonere pamchenga pomwepo. Wathawa ndani? Palibe.

Ndiye pempho langa n'losavuta. Inu mafumu athu, musanadinde chikalata chopereka malo a m'mbali mwa nyanja, yambani mwafunsa kuti anthu anu azidzera pati. Inu a khonsolo ndi a zamalo, pakati pa mapuloti siyani njira zotakasuka zofika kumadzi, ndipo madoko a asodzi alembedwe kuti asagulitsidwe. Inu aphungu a m'mbali mwa nyanja, nkhaniyi siyofunika ndalama za ma dona, ikungofunika pakamwa panu.

Tikapanda kutero, adzukulu athu a kwa Mponda ndi kwa Nankumba adzayamba kulipira pachipata kuti akaone nyanja yomwe anabadwira. Tionana sabata yamawa, Chauta akalola.