Mwana Akafuna Ntchito ya Tchire ndi Mfuti



Mayi ena a ku Mangochi atilembera kalata yodandaula. Mwana wawo wa zaka 20 wasiya kupita kunyanja ndi anzake a chilimira. Akuti akufuna kukaphunzira ugemu, ntchito yolondera nyama zakutchire, ndipo zikakanika apita ku Joni kukaphunzira ulonda wa mfuti. Mayiwo akufunsa kuti: "Kodi ndimuletse, kapena ndimukonzere chiyani?" Funso limeneli lili m'makomo ambiri, choncho tiyeni tiliyankhire pamodzi.

Poyamba tinene kuti ntchitoyi ndi yolemekezeka. Kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks likuyendetsa nkhalango za Liwonde ndi Nkhotakota mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2018 linawonjezera nkhalango ya Mangochi. Agemu a ku Liwonde achotsa misampha ya waya zikwizikwi, ndipo nyama zaswana. Koma walira mvula walira matope. Mu May 2019 msilikali wa ku Britain wa zaka 22, Mathew Talbot, anaphedwa ndi njovu ku Liwonde ali pa ulendo wolondera nyama. Anali munthu wophunzitsidwa bwino zausilikali. Ngati tchire silinaope iyeyo, mwana wathu asapiteko ngati akupita kumsika.

Anyamata ambiri akamva za maphunziro otere maganizo awo amathamangira kumfuti. Kuwombera akakuphunzitsani komweko. Zimene mwana ayenera kunyamula kuchokera pakhomo ndi thupi lopirira, nzeru zodzisamalira ndi mtima wodekha, ndipo zitatuzi zimakonzedwa miyezi ingapo tsiku lonyamuka lisanafike.

Tiyambe ndi miyendo. Mnyamata wopalasa bwato ali ndi mphamvu m'manja ndi pamsana, koma kutchire amayenda pansi tsiku lonse katundu ali kumsana. Ayambe lero kuyenda m'mamawa atabereka chikwama cha mchenga. Sabata yoyamba ayende makilomita 5, kenaka aziwonjezera pang'onopang'ono mtunda ndi kulemera kwa chikwamacho. Jombo azigule msanga ndi kuzivala tsiku ndi tsiku kuti zifewe. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe, ndipo thuza likaphulika ndi kulowa dothi, ngakhale chiphona chimatsalira m'mbuyo. Masokosi akhale angapo kuti azisintha akanyowa.

Chachiwiri ndi madzi. Aphunzitsi a zakutchire amakumbutsa ophunzira awo kuti munthu angathe kukhala pafupifupi masabata 3 osadya, koma masiku 3 okha osamwa. M'chigwa cha Shire mwezi wa October thukuta limatuluka ngati mvula, ndipo woyembekeza kuti ludzu limugwire ndiye amwe wachedwa kale. Mkodzo ukachepa ndi kufiira, thupi layamba kuuma. Madzi a pachithaphwi awasefe ndi kansalu koyera, kenaka awawiritse mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Akatsegula m'mimba ndipo paketi ya Thanzi palibe, asungunule masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Inu mayi, muphunzitseni zimenezi kukhitchini kwanu, ndiponso kusonkha moto ndi nkhuni zachinyezi ndi kuphika nsima yake yekha. Potunga madzi pamtsinje asagwade malo amodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa ng'ona imaloweza. Ndipo madzi akachepa, akumbuke kuti chipembedzo chathu chimalola tayammum, asathe madzi akumwa ndi udhu.

Chachitatu ndi tizirombo. Ambiri amaopa mkango, koma amene amagonetsa anthu kawirikawiri ndi udzudzu. Neti ikhale m'chikwama, ndipo thupi likatentha anene msanga kwa aphunzitsi kuti akayezetse malungo. Ku Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza kuli kashembe wofalitsa matenda a kaodzera. Ntchentche imeneyi imakopeka ndi zovala zabuluu ndi zakuda, choncho malaya a khaki a manja aatali ndiwo abwino. Mnzake akalumidwa ndi njoka, asacheke pabalapo, asayamwe, ndiponso asamange chingwe chothina. Amukhazike mtima pansi, mwendowo usagwedezeke, ndipo amunyamule kupita naye kuchipatala. Akasochera aime pamene alipo, akhale pamthunzi ndi kuimba wenzulo katatu katatu. Wosochera amene akuthamanga ndi mantha amatalikira omufunafuna.

Tsopano tifike pamfuti. Mu 1976 msilikali wopuma wa ku America, Jeff Cooper, anatsegula sukulu yophunzitsa mfuti yaing'ono ya pistol ku Arizona, ndipo malamulo ake 4 amaphunzitsidwa m'maiko ambiri mpaka lero. Mwana awaloweze asanaigwire mfuti:

1. Mfuti iliyonse aiyese kuti muli chipolopolo, ngakhale mnzake alumbire kuti mulibe.
2. Asalozetse mfuti pa chinthu chimene sakufuna kuchiwononga.
3. Chala chikhale kunja kwa kowombera mpaka atalunjika chimene akufuna kuwombera.
4. Atsimikize chimene akuwomberacho, ndi chimene chili kumbuyo kwake.

Lamulo lachiwirili si lachilendo kwa ife. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analetsa kuloza m'bale wako ndi chida. Ngozi zambiri za mfuti zimachokera ku nthabwala, kufulumira ndi mawu akuti "ndimayesa mulibe kanthu." Madzi akatayika sawoleka. Pa malo ophunzirira kuwombera asachite manyazi kuvala zotseka m'makutu ndi magalasi, chifukwa kulira kwa mfuti kumaononga makutu ndipo sachiranso. Akapanda kumvetsa afunse, paja safunsa anadya phula.

Za malamulo a boma nazonso azidziwe. Kuno kwathu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso cha apolisi ndi mlandu wopita nawo kundende, choncho asayerekeze kukaphunzira pa mfuti yobisa ya mnzake. Ku South Africa lamulo la mfuti la mu 2000 limafuna kuti munthu akhale ndi satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti. Mwa zina, akhale wa zaka 21, kupatula pa zifukwa zapadera, ndiponso akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Bungwe la PSIRA, lolembetsa alonda kumeneko, nalonso limafuna unzika kapena chilolezo chomwecho. Ndiye mayi, mwana wanu wa zaka 20 wongolowa ndi pasipoti, wina akamulonjeza mapepala a ulonda wa mfuti pa mtengo wakutiwakuti, adziwe kuti akugula unyolo wa m'manja mwake.

Chotsiriza ndi chimene sukulu iliyonse singathe kumupatsa m'masabata ochepa. Inu makolo ndinu mukumudziwa mwanayo. Kodi akatukwanidwa pa bwalo la mpira amatani? Kodi mlongo wake akamulakwira dzanja limathamanga? Kodi amakhudza chamba kapena kachasu? Mfuti yodzitetezera ndi ya pamene moyo uli pangozi ndipo njira ina yatha, ndipo mlonda wabwino angathe kupuma pantchito asanawombereko munthu. Ngati mwana wanu ali ndi mtima wapachala, muuzeni poyera kuti nthawi yake sinakwane, ngakhale akwiye. Kuli bwino akukwiyireni chaka chino kusiyana ndi kuti muzikamuonera kundende.

Koma ngati ndi wodekha ndi womvera, musamutsekereze. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mugulireni jombo mwezi uno, mawa mumudzutse pa Fajr, ndipo akaswali abereke chikwama chake ayambe kuyenda. Pakatha miyezi 3 akadali kudzuka yekha osamukakamiza, mulembereni kalata yofunsira malo.